Kumapeto kwa ngalande

Gombe la nyanja ya Salton limalira ukamaliponda. Ukaliona uli patali ndi loyera mbuu, koma ukawerama n'kutapa pang'ono m'manja umapeza minga ya nsomba ndi tizigoba ta tizilombo ta m'madzi, zosweka, zosakanikirana, malo ena zounjikana mpaka phazi kumira. Kutalika konse kumene maso anga ankafika linali lotero.

Ndinali ku California pa maphunziro a za madzi ndi ulimi wamthirira. Mnzanga wa m'kalasi atadwala anandipempha kuti ndikamulowere m'malo pa gulu la anthu ongodzipereka amene amawerenga mbalame m'nyengo yozizira. Anandiphatikiza ndi amayi ena achikulire, mphunzitsi wopuma pa ntchito, amene anaphunzitsa ana a m'chigwa chomwecho moyo wawo wonse. Ine mbalame sindinkazidziwa. Ntchito yanga inali kunyamula chipangizo choonera patali ndi kulemba manambala amene iwo ankatchula. Koma zimene anandionetsa tsiku limenelo zakana kundichoka, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba.

## Nyanja yopanda potulukira

Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Chigwa chimenechi ndi chakuya kwambiri, moti pamwamba pa nyanjayi pali potsika mamita opitirira 70 poyerekeza ndi nyanja zikuluzikulu za dziko. Kwa zaka mazanamazana mtsinje wa Colorado unkati ukakwiya, nthawi zina unkapatuka n'kudzaza chigwachi, kenako n'kubwerera m'njira yake, madzi aja n'kuphwa. Nyanja yakale imeneyo lero amaitcha Lake Cahuilla, kutengera anthu a mtundu wa Cahuilla amene ankagwira nsomba m'mbali mwake. Mzera wa pomwe madzi ankalekeza ukuonekabe m'matanthwe a mapiri a kumadzulo.

Mu 1905 mtsinjewo unakumbukanso khwawa lake. Unagumula pamene anthu anakumba kuti apatutse madzi othirira minda ya ku Imperial Valley, ndipo unathira m'chigwamo pafupifupi zaka ziwiri, mpaka kampani ya njanji ya Southern Pacific inatseka pogumukapo mu 1907, itakhuthula miyala yodzaza mabogi a sitima osawerengeka. Panatsala nyanja ya makilomita pafupifupi 56 m'litali ndi 24 m'lifupi.

Ikanaphwa ngati zakale zija. Mvula ya kumeneko siifika ngakhale masentimita 10 pa chaka, pamene dzuwa limamwa madzi akuya kupitirira mita imodzi ndi theka pamwamba pa nyanja yonse chaka chilichonse. Inakhalapo chifukwa cha minda. Mlimi wa m'chipululu amathira madzi ochuluka kuposa amene mbewu imamwa, kuti otsalawo atsuke mchere kuuchotsa kumizu. Pansi pa minda pali mapaipi amene amatolera madzi amenewo n'kuwatsanulira m'ngalande, ngalande n'kutsanulira m'mitsinje ya Alamo ndi New, mitsinjeyo n'kutsanulira m'nyanja. Amabwera atanyamula mchere, feteleza, mankhwala ophera tizilombo. Mtsinje wa New umayambira ku Mexico, umadutsa mumzinda wa Mexicali, ndipo kwa zaka zambiri wakhala ukunyamulanso zonyansa za m'zimbudzi ndi m'mafakitale.

Zonsezi zikalowa sizituluka. Madzi okha ndi amene amachoka, kupita kumwamba, monga mmene beseni la madzi amchere limachitira ukalisiya padzuwa. Lero mchere wa m'nyanja ya Salton wapitirira kuwirikiza kawiri mchere wa m'nyanja ya Pacific.

Panali nthawi imene anthu sankaziona zimenezi. M'zaka za m'ma 1950 anaikamo nsomba zochokera ku Gulf of California, nyanja ya mchere ya ku Mexico, kunamangidwa mahotela, anthu ankabwera ndi mabwato a injini kudzasangalala. Pambuyo pake nsomba za mtundu wa tilapia, zimene kwawo kwenikweni ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Africa, zinalowamo n'kuswana modabwitsa chifukwa zimapirira mchere. Koma feteleza amadyetsa ndere, ndere zikafa zimamira n'kuwola, zikamawola zimamaliza mpweya wa okosijeni pansi pa madzi. Mphepo ya m'chilimwe ikavundula madzi a pansiwo, nsomba zimabanika. Mu Ogasiti 1999, tsiku limodzi lokha, zinafa nsomba pafupifupi 7.6 miliyoni. Gombe lija ndinkaponda ndi limenelo. Mu 1992 mbalame zotchedwa eared grebe pafupifupi 150,000 zinafera pomwepo. Mu 1996 matenda a botulism anapha avuwo masauzande ambiri. Mu Seputembala 2012 fungo la mazira owola lochokera m'nyanjayi linamveka mpaka ku Los Angeles.

Ndiye n'chifukwa chiyani mbalame zimabwerabe? Chifukwa kwina kulibe. California inaumitsa madambo ake opitirira 90 pa 100 alionse kuti pakhale minda ndi mizinda. Mbalame zimene zimayenda pakati pa Alaska ndi South America chaka ndi chaka zimafuna potera, podya, popumula, ndipo pa ulendo umenewo nyanja yodwalayi ndi amodzi mwa malo aakulu amene atsala. Mitundu ya mbalame yopitirira 400 yalembedwa kumeneko.

## "Tiyeni titsate ngalande"

Tinayamba kusanache bwino. Amayi aja anaimika galimoto pamalo pamene anati kale madzi ankanyambita matayala, kenako tinayenda wapansi ulendo ndithu pa dothi lotuwa, long'aluka, lofumbuka, tisanafike pamadzi. Anatulutsa kabuku kawo kakale, kofiira ndi thukuta la m'manja, n'kundionetsa masamba a zaka za m'mbuyo a malo omwewo. Mzera wa avuwo unali ndi manambala aataliatali. M'mawa umenewo tinaona ochepa kwambiri, atayandama kutali. Vuwo amadya nsomba, ndipo nsomba zinali zitachepa chifukwa mchere wafika poti ngakhale tilapia ikuvutika kuswana.

Analoza kum'mwera n'kundiuza za chilumba cha Mullet, kumene mbalame zakuda zomira pamadzi zotchedwa cormorant zinkamanga zisa masauzande. Madzi atatsika, chilumbacho chinalumikizana ndi mtunda, nkhandwe za kumeneko zotchedwa coyote zinayamba kuwoloka ndi miyendo, mbalame zija n'kusamuka.

Tinalemba zochepa zimene tinaona. Ine mtima unali utagwa. Ndiye anatseka kabuku kaja n'kunena kuti, "Mwanangu, apa tangowerenga zimene zapita. Tiyeni titsate ngalande."

Ngalandeyo inali yosasangalatsa kuiona. Madzi abulauni, a thovu m'mbali, onunkha feteleza ndi matope. Kale inkathira m'nyanja mwachindunji, koma nyanja itathawa, inatsala ikuthira pabwalo louma. Tinaitsata mpaka pamene makoma ake anathera, ndipo pamenepo madzi anangomwazika, kufalikira pa dothi lathyathyathya lija, osaya, malo ena ongofika pa chala, malo ena m'kakolo. Kunali kutamera bango ndi udzu wa m'madzi popanda wodzala. Ndipo phokoso linandifika ndisanaone kanthu.

Mbalame zinali mbwee. Kunali zina za miyendo yaitali yofiirira, zakuda kumsana, zoyera kumimba, zimene amazitcha stilt, zikuyenda modekha ngati zikuopa kuthyoka. Kunali ma avocet a milomo yopindikira m'mwamba, akupukusa mitu uku ndi uku m'madzi. Tina tating'onoting'ono totuwa tinkathamanga m'mphepete timilomo tili m'matope, tikadzidzimuka n'kuuluka tonse pamodzi, kutembenuka kamodzi, n'kuteranso pomwepo. Abakha, akakowa. Amayi aja anandiphunzitsa kuwerenga gulu lalikulu: uwerenge khumi, uone kukula kwa malo amene khumiwo atenga, kenako uziyendetsa diso ndi muyeso umenewo. Ankatchula, ine ndikulemba, mpaka dzanja linatopa.

Nditapuma ndinawafunsa kuti, "Amayi, madzi awa si omwe aja akupha nyanja? Nanga mbalamezi zikuwafuniranji?"

Sanayankhe msanga. Anawerama, natapa thope lakuda m'dzanja, nalifinya pang'ono ndi chala. Munali tinyongolotsi tofiira ndi timphutsi tikugwedezeka. "Ndi omwewo," anatero. "Ndi oipa ndithu, ndipo sindingakuuzeni kuti mazira a mbalamezi onse adzaswa bwino. Koma ndi okhawo amene afika kuno. Ena onse ali ndi eniake."

Chakumasana mphepo inayamba. Amayi aja anatulutsa masiki m'thumba n'kundipatsa imodzi, kenako anandigwira paphewa n'kunditembenuza. Kumbuyo kwathu, pa dothi louma limene tinadutsa m'mawa, fumbi loyera linali litadzuka ngati khoma, likulowera kumidzi. Ananditembenuzanso kuti ndiyang'ane kumene kunali mbalame. Mphepo inali yomweyo, bango likuwerama, madzi akuchita timafunde, koma panalibe fumbi ngakhale pang'ono.

"Ndinaphunzitsa ana amene m'chikwama mwawo munkakhala kachipangizo kopopera mankhwala a mphumu pamodzi ndi pensulo," anatero. "Anthu akandiona ndi kabuku aka amati ndimakonda mbalame kuposa anthu. Taonani nokha. Pamene mbalame ikudya ndi pomwe fumbi silikudzuka."

Tinaima pamenepo kanthawi, pakati pa dothi louma ndi lonyowa, kenako anati tibwerere mphepo isanakule.

## Madzi opulumutsidwa amachoka kwa ndani

M'kalasi tinkaphunzira kuti dontho lililonse lotuluka m'munda mbewu isanalimwe ndi lotayika. Ngalande yodontha iikidwe simenti. Wothirira mosefukiza asinthe, azithirira modontheza. Ndi maphunziro abwino, ndipo ndimawakhulupirirabe. Koma kuchokera tsiku limenelo, ndikamva munthu akulengeza kuti tapulumutsa madzi ochuluka chotere, pakamwa panga pamabwera funso limodzi: asanapulumutsidwe ankapita kuti, ndipo ankamwa ndani?

Ku Salton yankho lake lili m'pangano la 2003, lotchedwa Quantification Settlement Agreement. California inkatunga mu Colorado madzi ochuluka kuposa gawo lake, ndipo inakakamizidwa kuchepetsa. Bungwe la Imperial Irrigation District, limene lili ndi gawo lalikulu kwambiri la madzi a mtsinjewo, linavomera kuti alimi ake azigwiritsa ntchito madzi ochepa, otsalawo azigulitsidwa kumizinda, makamaka San Diego. Aliyense ankadziwa kuti minda ikachepetsa madzi, ngalande zichepa, nyanja itsika. Choncho anagwirizana kuti kwa zaka 15 nyanjayi izipatsidwa madzi apadera oigwirizira, kuti boma la California lipeze nthawi yokonza njira. Mu 2007 boma linatulutsa ndondomeko ya madola 8.9 biliyoni. Ndalamazo sizinaperekedwe. Zaka 15 zija zinatha kumapeto kwa 2017, madzi apadera aja anatsekedwa, ndipo nyanja inayamba kuthawa mofulumira.

Sindiimba mlandu mlimi amene wasintha kathiriridwe, kapena mayi wa ku San Diego amene akutsegula mpopi. Chimene chimandiwawa ndi zaka zija zimene zinapita pamisonkhano ndi malipoti, tsiku lomaliza likudziwika kale, lolembedwa m'pangano. Dothi limene likutsala poyera lakhala likumwa zotuluka m'minda kwa zaka zopitirira 100, ndipo ndi lofewa kwambiri moti mphepo imalinyamula mosavuta. Ana a m'boma la Imperial amadwala mphumu kuposa ana a m'madera ambiri a California. Ambiri ndi ana a anthu ogwira ntchito m'minda, mabanja olankhula Chisipanishi, amene mawu awo safika msanga ku Sacramento, likulu la California. Fumbi la kumeneko lili ndi magwero angapo, chipululu chenicheni ndi minda yolimidwa kumene, koma gombe limene likukula chaka ndi chaka likuwonjezera pa katundu amene ana amenewa asenza kale.

## Maiwe osaya

Munthu akamva zokonzanso nyanja amaganiza za kuidzaza n'kuiyeretsa, mabwato n'kubwerera. Ena akhala akulimbikira kuti pakumbidwe ngalande kapena paikidwe mapaipi obweretsa madzi kuchokera ku Gulf of California. Maganizowa amakoma kuwamva. Koma madzi a m'nyanja yaikulu amabweranso ndi mchere wawo, umene ungafunike kuuchotsa ndi makina odya magetsi ambiri, ndipo njirayo imadutsa m'dziko la Mexico. Mu 2022 gulu la akatswiri limene boma linapempha kuti liunike nkhaniyi linalangiza kuti isatsatidwe.

Zimene zikuchitika ndi zazing'ono kuposa pamenepo, ndipo zikufanana kwambiri ndi zimene ndinaona kumapeto kwa ngalande ija, kungoti zochita kukonza. Ndondomeko ya boma ya zaka za 2018 mpaka 2028 inalonjeza maekala pafupifupi 30,000 a malo a mbalame ndi oletsa fumbi. Ntchito yaikulu yoyamba, yotchedwa Species Conservation Habitat, inayamba kumangidwa mu 2021 pamathiriro a mtsinje wa New, pa maekala pafupifupi 4,100. Amaunda makoma a dothi pa gombe louma n'kupanga maiwe, malo ena osaya a mbalame zoyenda m'matope, malo ena akuya a nsomba, ndi tizilumba pakati pomwe coyote sangafike.

Chimene chinandigwira mtima nditachimvetsa ndi kasakanizidwe ka madzi. Sathira madzi a mumtsinje okha. Amayamba awadikha kuti matope akhale pansi, kenako amawasakaniza ndi madzi amchere opopedwa m'nyanja. Chifukwa chimodzi ndi udzudzu ndi zomera zimene zingadzaze dziwe la madzi opanda mchere. Chifukwa china ndi kuchepetsa selenium, chinthu cha m'nthaka chimene madzi othirira amanyamula, ndipo chimaunjikana kuchoka m'ndere kupita m'tizilombo, kuchoka m'tizilombo kupita m'dzira. California inaphunzira izi mowawa ku Kesterson, kumene mu 1983 anapeza anapiye a mbalame za m'madzi obadwa opanda maso, opindika milomo, chifukwa cha madzi otuluka m'minda amene anasungidwa m'maiwe. Amayi aja ponena za mazira ankanena zimenezi. Dziwe lokongola likhoza kukhala msampha ngati palibe woyeza madzi ndi mazira chaka ndi chaka. Choncho ntchito imeneyi siitha tsiku lodula riboni. Mapampu amafuna magetsi, makoma amafuna kukonza, ndipo pamafunika munthu wolipidwa woti aziyeza kwa zaka makumi.

Umboni woti njirayi imagwira uli kumpoto, ku nyanja ya Owens. Mzinda wa Los Angeles unapatutsa mtsinje wothira m'nyanjayo mu 1913, ndipo pofika mu 1926 nyanjayo inali itauma. Inasanduka gwero lalikulu kwambiri la fumbi loipa m'dziko lonse la America. Malamulo a ukhondo wa mpweya atakakamiza mzindawo, unawononga madola opitirira 2 biliyoni kuletsa fumbilo, ndipo njira imodzi inali kuthira madzi osaya pa dothi. Cholinga chinali mapapu a anthu. Mbalame zinabwera zokha, masauzande makumimakumi, moti mu 2018 malowa anazindikiridwa kuti ndi ofunika padziko lonse kwa mbalame za m'magombe. Zimandilimbitsa mtima kuti mbalame sizisunga mangawa. Zimandiopsanso, chifukwa mtengo umenewo ndi wa kukonza nyanja imene anailekerera mpaka kuuma.

## Gawo lolembedwa

Pali nyanja ina ya mchere ku California imene nkhani yake inayenda mosiyana. Los Angeles inayamba kupatutsa mitsinje yothira m'nyanja ya Mono mu 1941. Pofika mu 1982 madzi anali atatsika mamita pafupifupi 14, mchere utawirikiza kawiri, ndipo kumenekonso coyote anali atawolokera pachilumba cha zisa. David Gaines ndi anzake anayambitsa Mono Lake Committee mu 1978. Mu 1983 khoti lalikulu la California linagamula kuti boma lili ndi udindo wosunga nyanja ngati imeneyi m'malo mwa anthu onse, ndipo chilolezo chotunga madzi chikhoza kuunikidwanso ngakhale chinaperekedwa kalekale. Mu 1994 bungwe la boma loona za madzi linaika mlingo umene nyanjayo iyenera kufika, n'kuchepetsa madzi amene mzinda ungatunge. Mlingowo sunafikidwebe mpaka lero, koma nyanja ya Mono ilipo, ndipo ma grebe amaterapo mwaunyinji chaka chilichonse.

Mono ili ndi chimene Salton ilibe: madzi olembedwa m'dzina lake. Salton imadya zotsala. Maiwe atsopano aja nawonso amadalira mtsinje wa New, ndipo mtsinje wa New umadalira zimene minda ndi mzinda wa Mexicali zataya. Alimi akamathirira mwaluso, Mexicali ikamayeretsa madzi ake n'kuwagwiritsanso ntchito, zonsezi zabwino, mtsinjewo uchepa. Mu 2022 boma lalikulu la America linalonjeza madola 250 miliyoni a ntchito za ku Salton, ndipo ndalamazo zinamangiriridwa ku lonjezo loti chigwachi chichepetsenso madzi amene chimatunga mu Colorado. Ndimaziyamikira ndalamazo. Koma dzanja limene likumanga maiwe ndi lomwe likuchepetsa madzi odzathiramo.

Kum'mwera kwa nyanjayi kuli mafakitale opanga magetsi ndi madzi otentha a pansi pa nthaka, ndipo m'madzi amenewo muli lithium wopangira mabatire. Makampani afika, andale akulankhula za chuma chatsopano. Ngati chumacho chidzabweradi, ndikufuna kuona gawo lake likulipira mapampu ndi oyeza madzi, komanso zipatala za ana a m'chigwacho. Ndikufunanso kudziwa kuti mafakitalewo madzi awo adzawatenga kwa ndani.

Malamulo amene akhala akuyendetsa kagawidwe ka madzi a Colorado pa nthawi ya chilala kuyambira mu 2007 analembedwa kuti athe kumapeto kwa 2026, ndipo maboma asanu ndi awiri amene amamwa mtsinjewo amayenera kugwirizana zatsopano. Aliyense patebulo limenelo ali ndi mzinda kapena minda yoti aiteteze. Ndimawerenga nkhani zake zonse zimene ndingapeze, ngakhale ndinachoka ku California, ndipo m'chikalata chilichonse ndimafufuza mzera umodzi: wonena kuchuluka kwa madzi amene adzafike kumapeto kwa ngalande za ku Imperial Valley chaka chilichonse, ndi dzina la amene adzayankhe mlandu akapanda kufika.